Chilhomwe tinachitaya kale, tsono ndi Chichewa chomwe?

Makolo anzanga a ku Mulanje ndi ku Thyolo, makamaka inu amene ana anu sanayambe Sitandade 1, ndili nanu mawu. Kwabwera chizolowezi choletsa mwana kulankhula Chichewa pakhomo. Kale zinkamveka ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe, kwa anthu a m'mipanda, koma lero zafika pa Chitakale, pa Luchenza, pa Bvumbwe mpaka ku Limbuli. Mwana akati "amayi ndikufuna madzi", amayi akumubweza kuti anene kaye m'Chizungu ndiye amwe. Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndinenso kholo, ndipo ndikunena mosapsatira kuti ana amenewa tikuwalakwira.

Chimene chikukukankhani ndikuchidziwa ndipo sindikuchipeputsa. Mwana akalephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 sapatsidwa satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza chotani. Kalata yofunsira ntchito ndi ya Chingerezi. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 51, amati wofuna kukhala phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo. Ndiye mayi amene moyo wake wonse wakhala akulawirira m'bandakucha, dengu kumsana, kukathyola tiyi mvula ikumuthera pathupi, akamati wangayu yekha adzatafune Chizungu asadzaone zimene ndaona ine, angamudzudzule ndani? Cholinga chake n'chabwino. Chimene ndikukana ine ndi njira yake.

Ndipo ife a dera lino timayenera kukhala oyamba kuikana, chifukwa makolo athu anadutsamo kale. Agogo athu ambiri anachokera ku Mozambique, cha ku mapiri a Namuli, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo achonde ali m'manja mwa azungu a maesiteti, ndipo kuti apatsidwe pomanga kanyumba ankagwira thangata. Anthu ankaseka kalankhulidwe kawo, nkumawaitana ndi dzina lonyoza lija la Anguru. Lewis Bandawe, amene anathandiza kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, anafika poyambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 kuti chitonzo chimenechi chithe. Koma manyazi anali atalowa kale m'nyumba. Bambo ndi mayi ankalankhula Chilhomwe awiriwiri, makamaka akafuna kubisa nkhani, akatembenukira kwa ana nkuyamba Chinyanja. Ankafuna ana awo asasekedwe kusukulu, apeze ntchito ya ukalaliki kapena ukapitawo, asamaoneke obwera. Chinali chikondi, chimodzimodzi chathuchi. Pamene Chichewa chinkasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, nkudzaza m'sukulu ndi pa wailesi, chinapeza Chilhomwe chitafooka kale m'makomo ambiri.

Onani pamene tafika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse m'Malawi muno, pafupifupi 19 ndi Alhomwe, mtundu wachiwiri kukula pambuyo pa Achewa. Koma pitani pa Chonde mwezi wa Okutobala, pamene Mulhako wa Alhomwe wakhala ukusonkhana kuyambira 2008 nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika. Nsalu tavala, kalongonda tadya, tchopa tavina, gule amene bungwe la UNESCO linamulemba mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Akafuula kuti "Alhomwe, Alhomwe!" tonse timayankha "Noophiya!" ndi mphamvu. Kenako gogo wina wa ku Phalombe kapena ku Muloza akakupatsa moni wautali nkufunsa za kunyumba, ambirife timangomwetulira nkuyankha m'Chichewa. Zimandiwawa kwambiri. Palibe anatilanda chilankhulo chimenechi ndi mfuti. Chinatha pa mkeka, makolo atasiya kuchilankhula kwa ana, ndipo mibadwo iwiri inakwanira.

Wina anena kuti bola, tinataya Chilhomwe koma tinapeza Chichewa, ndiye tikataya Chichewa tipeza Chingerezi. Apa mpamene pali kusiyana kwakukulu. Mwana wa Mlhomwe wa nthawi imeneyo akatuluka panja ankapeza Chinyanja chathunthu: kudambwe, kuchitsime, kumsika, kutchalitchi, kwa anansi a Chimang'anja. Ankasiya chilankhulo chodzaza nkulowa m'chinzake chodzazanso. Nanga wathuyu Chingerezi chathunthu achipeza kuti pa Nkando kapena ku Thekerani? Tinene zoona, abale. Chizungu chimene ambirife timalankhula kwa ana ndi cha kulamula basi: bwera kuno, khala pansi, siya, idya, kagone. Mawu ake ndi omwewomwewo tsiku ndi tsiku. Sitingathe kumufotokozera m'Chizungu chifukwa chake Chiperoni akabwera kumazizira masiku angapo, chifukwa chake agogo aamuna sadzabweranso, kapena chifukwa chake kuba nthochi za eni n'koipa ngakhale palibe wakuona. Tikafika pa nkhani zoterezi timadula, poti mawu atithera. Kuli ngati kumwetsa mwana phala la madzi okhaokha pamene ufa ndi nsinjiro zili tayale m'nyumba.

M'kalasi ndimaziona ndi maso. Kumabwera mwana wochokera ku sukulu ya mkaka yolipira, wovala bwino, wodziwa kutchula masiku a sabata, miyezi, mitundu ya zinthu ndi kuwerenga manambala m'Chizungu mokoma ngati pa wailesi. Makolo ake amanyadira, ndipo nanenso ndimakondwa kumumva. Koma tikawerenga kankhani, ine nkufunsa kuti mwana wa m'nkhaniyi analira chifukwa chiyani, ndipo iweyo ukanatani, amangondiyang'ana. Amadikira funso limene yankho lake analoweza. Pambali pake pamakhala mnzake wosavala nsapato, wokulira kwa agogo, amene Chizungu chake n'chothyokathyoka. Ameneyo ndikamulola kuyankha m'Chichewa amandifotokozera chifukwa, amatsutsa mnzake, amaonjezera ndi zimene zinachitika kwawo. Maganizo ali nawo kale, ntchito yanga imangotsala kumupatsa mawu a Chingerezi oti avekepo. Kuphunzitsa mawu atsopano n'kosavuta. Chovuta ndi kuphunzitsa mwana kulondoloza nkhani, kufunsa chifukwa ndi kuona zotsatira za chinthu, ndipo zimenezi mwana amazitola pakhomo, pocheza ndi munthu wamkulu amene akulankhula momasuka.

Sindikunena kuti ana onse a ku sukulu za mkaka ali choncho. Alipo ambiri ochita bwino zedi, ndipo ukafufuza umapeza kuti kwawo amachezetsedwa, kaya m'chilankhulo chanji.

Za foni ndingonena mwachidule. Mwana akhoza kutengera katchulidwe ka ku America pa makatuni, koma katuni sayankha funso la mwana, samudikira kuti amalize mawu, samukonza akalakwitsa.

Chimene chimandikhudza koposa ndi cha agogo. Ndinaona pa khomo lina cha ku Chinakanaka mwana wa zaka ngati zinayi atabwera ndi amayi ake kudzacheza. Agogo anali pakhonde akusola nandolo m'lichero. Atamuona anaika lichero pansi, nkutambasula manja: "Bwerani kuno amuna anga, mwandibweretsera chiyani?" Mwana uja anaima chilili, nkucheukira amayi ake kuti amumasulire. Amayi anamasulira, iye anayankha liwu limodzi, amayi nkubwezanso kwa agogo. Agogo anayesanso kachiwiri, kenako anangoti, "Basi, ndi mzungu ameneyu," nkutola lichero lawo. Anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. Mwana ameneyo sadzamva "padangokhala" kuti ayankhe "tili tonse". Sadzamva mbiri ya mbumba yake kuchokera kwa mwini wake.

Ndipo musaone ngati ndi nkhani ya nthano zokha. Kuno malo ndi ochepa, tonse tikudziwa, tiyi anatenga gawo lalikulu ndipo anthu tachulukana. Malo amayenda kuchikazi, ndipo malire ake ambiri sali pa pepala, ali m'mutu mwa agogo ndi amalume: kuyambira pa mtengo wa mango uwo, kutsetsereka ndi khwawa, kukathera pa chulu. Mkangano ukabuka nkhani imakambidwa pa bwalo la amfumu, m'Chichewa cha miyambi ndi mikuluwiko. Mwana wanu adzakhala mwinimbumba tsiku lina. Adzayenera kulankhula pa maliro, kukhala nkhoswe ya ukwati, kupepesa kwa apongozi. Akadzakhala namwino kapena dokotala, wodwala wake adzakhala mayi wa ku Goliati wonena kuti m'mimba mukundipota, mutu ukuwaza. Akadzafuna uphungu womwe uja, Chingerezi chidzamulowetsa m'Nyumba ya Malamulo, koma mavoti adzawapempha m'Chichewa.

Boma nalo latisokoneza pa nkhaniyi. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku a zilankhulo zina monga Chilhomwe sanafike m'makalasi mwathu. Lamulo la maphunziro la 2013 linabwera nkunena kuti chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 kunalengezedwa kuti ziyambire Sitandade 1. Kenako mu 2016 kunayamba ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga, imene ana a Sitandade 1 amaphunzira malembo ndi maphatikizo a Chichewa, Chingerezi chikuyendera limodzi. Funsani mphunzitsi aliyense wa makalasi aang'ono, amene ana ake amadzaza mpaka pakhomo, akuuzani kuti akafuna kuti phunziro limveke amabwerera ku Chichewa. Mwana amagwira msanga kuwerenga m'chilankhulo chimene amachimva, chifukwa akaphatikiza "nyu" ndi "mba" amadziwa kuti watchula chinthu chimene amagonamo. Luso limenelo akaligwira amapita nalo ku Chingerezi, sayambiranso pachiyambi.

Mantha oti zilankhulo ziwiri zimusokoneza mwana achotseni. Pitani pa Muloza tsiku la msika mukamve ana ogulitsa nanazi ndi chinangwa akusinthasintha Chichewa, Chilhomwe ndi Chipwitikizi malingana ndi wogula. Mutu wa mwana suchepa. Akamasakaniza mawu ali wamng'ono si matenda, amadzazilekanitsa yekha akamakula.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mulankhuleni mwana m'chilankhulo chimene inuyo mumatha kuseka nacho, kukalipa nacho ndi kutonthoza nacho. Ngati Chingerezi mumachitha bwino, mupatseni ndithu, muwerengereni kabuku madzulo, muimbireni nyimbo, koma chikhale choonjezera pa Chichewa. Ngati simuchitha bwino musadzikakamize, ntchito imeneyo tisiyireni aphunzitsi, inu mumupatse zimene ife sitingathe: nthano, zilapi, mayina a mitengo ndi mbalame, mbiri ya kwanu, mayankho a mafunso ake osatha aja. Ndipo ngati pakhomo panu patsala gogo wodziwa Chilhomwe, Chimang'anja chenicheni kapena Chiyao, musamuletse kulankhula ndi mdzukulu wake. Mukhazikeni mwanayo pafupi naye nthawi ikadalipo.

Mawu anga otsala apite kwa eni sukulu za mkaka. Ena mwa inu mumagwaditsa ana, kuwamana phala kapena kuwaseketsa kwa anzawo chifukwa alankhula Chichewa pabwalo. Mwana wa zaka zinayi simukumuphunzitsa Chingerezi pamenepo, mukumuphunzitsa kuti chilankhulo cha amayi ake n'chochititsa manyazi, ndipo ambiri amangosankha kukhala chete tsiku lonse. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha, ndipo silinapatule ana. Makolo, pokalipira fizi teremu ikubwerayi funsani kuti mwana akalankhula Chichewa amamutani. Akakuuzani kuti pali chilango, auzeni pomwepo kuti wanuyo asamukhudze.