Chenjezo kwa inu amene mukugona kunsi kwa galimoto zakale

Mawu awa ndikulankhula ndi inu achinyamata amene mwayamba kugula galimoto zakale zothamanga, zija za mipando iwiri monga MGB, Triumph Spitfire ndi Mazda MX-5, n'kumazikonza nokha pakhomo. Kudzikonzera galimoto si mlandu, ndipo ine amene manja angawa akalambira m'oilo, koma mmene ena mwa inu mukugwirira ntchitoyi zikundisowetsa tulo.

Mwezi watha ndinapeza mnyamata wina atagona chagada kunsi kwa MGB yake, miyendo yokha ili kunja. Galimotoyo anaikweza ndi kajeke kamodzi kosinthira tayala, kataima pa dothi lonyowa, ndipo mbali inayo anachirikiza ndi njerwa ziwiri. Ankalimbana ndi bawuti yogwidwa ndi dzimbiri, ndipo akangokoka sipanala galimoto yonse inkagwedezeka pamwamba pa chifuwa chake. Nditamugwira mwendo kuti atuluke anandiyang'ana ngati ndamulakwira, n'kunena kuti wangotsala ndi mphindi ziwiri zokha.

Ana anga, jeke ntchito yake ndi kukweza basi. Ngakhale jeke yaikulu yopopa imadalira kamphira kakang'ono kamene kangathe kuphulika tsiku lililonse, ndipo njerwa imaphwanyika nthawi imodzi popanda kukuchenjezani. MGB imalemera makilogalamu pafupifupi 1,000, ndipo poti galimoto zamtunduwu anazipanga zofupika kwambiri, ikagwa tayala litachotsedwa sipatsala mpata woti munthu n'kupuma. Chimene ambiri simuchiganizira ndi dzimbiri. MGB yomaliza inatuluka mu fakitale ya ku Abingdon, ku England, mu 1980, ndipo mphamvu ya thupi lake ili m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, zimene zimadyeka kuyambira m'kati pamene penti ya kunja ikunyezimirabe. MX-5 yoyamba, ya 1989, nayonso imavunda malo omwewo, chakumatayala a kumbuyo. Mukaika jeke pamalo otere chitsulo chimabooka ngati chikopa cha dzira. Gogodani kaye ndi hamala mumve ngati chitsulocho chili chamoyo, imikani galimoto pa simenti yosalala, tsekerani matayala otsala pansi, ikani zitsulo zochirikizira pa malo olimba, kenako muikankhe galimotoyo mwamphamvu musanalowetse mutu. Tayala limene mwachotsa muligoneke kunsi komweko, ndipo pakhomo pakhale munthu wina woti angamve mukakuwa.

Za mabuleki nazonso mukuzitenga mwachibwana. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amamwa chinyezi, ndipo akakalamba amawira mabuleki akatentha, phazi n'kungolowa mpaka pansi galimoto ili pa liwiro. N'chifukwa chake amasinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo sasakanizidwa ndi a DOT 5. Ndaonanso ena akuuzira ndi pakamwa fumbi la m'mabuleki a kumbuyo, osadziwa kuti mabuleki akale ankapangidwa ndi asibesitosi, amene amakhazikika m'mapapo n'kudzadwalitsa munthu patapita zaka makumi angapo. Fumbilo linyowetseni ndipo mulipukute ndi chiguduli.

Nanga ndudu pakamwa uku mukumasula kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, mwaziona kuti? Pa MGB makabuleta ali pamwamba penipeni pa mapaipi otulutsa utsi, ndipo mapaipi a mphira a petulo amene akhala zaka zambiri amang'ambika okha. Musanagwire za petulo kapena za magetsi, chotsani kaye waya wa batire wopita ku thupi la galimoto. Musangoganiza kuti ndi wa negetivi, pakuti MGB zopangidwa mpaka chakumapeto kwa chaka cha 1967 zinalumikiza pozitivi ku thupi, ndiye tsatani wayayo ndi maso. Paja safunsa anadya phula. Injini musailize m'galaja yotseka, chifukwa mpweya wakupha wa mu utsi sununkha, umangoyamba ndi litsipa ndi tulo.

Pomaliza ntchito yang'anani matayala. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo mukapeza atatu okha dziwani kuti ndi la chaka cha 2000 chisanafike, ngakhale mano ake aoneke atsopano. Mnyamata ujayo matayala ake onse anali otero, ndipo tsiku lomwelo, titagogoda pamene anaika jeke paja, hamala inalowa yonse m'chitsulo n'kugwetsa dzimbiri lodzaza manja awiri.