Tisiye kudutsira pa JSON pofuna array

Anzanga amene mumalemba PHP kuno ku Blantyre, pali chizolowezi china chimene ndikufuna tichisiye. Munthu ali ndi object (chinthu chosunga deta mu pulogalamu), akufuna array (mndandanda wamba wa detayo), basi amaiponya mu json_encode kuti isanduke mawu a JSON, kenako n'kuibweza ndi json_decode ataika true kumapeto. Mzere umodzi, wathana nazo. Inenso ndinkatero mpaka mwezi wathawu.

Ndinapangira gulu lina la banki m'khonde ku Chilomoni kapulogalamu kolembera masheya ndi ngongole. Loweruka lina madzulo mlembi wa gululo anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Akuti mayi wina sakuoneka pa lipoti, chonsecho ndalama zake anaponya m'mbale aliyense akuona. Amayi ena anali atayamba kale kunong'onezana, maso ali pa mlembiyo. Ndinakwera minibasi laputopu ili m'chikwama, mtima uli m'mwamba.

Ndalama zinali mu database bwinobwino, palibe tambala imene inasowa. Vuto linali dzina. Dzina la mayiwo lili ndi chilembo ŵ, chija chokhala ndi kadenga pamwamba, ndipo mu UTF-8, njira imene kompyuta imasungira zilembo, chilembochi chimatenga ma byte awiri. Ine ndinkadula maina ndi substr kuti akwane pa risiti, koma substr imawerenga ma byte osati zilembo, ndiye mpeni unagwera pakati penipeni pa ŵ. Tsono json_encode ikakumana ndi UTF-8 yoduka chonchi siikuwa ayi, imangobweza false mwakachetechete, json_decode nayo n'kubweza null, kutanthauza kuti palibe kanthu. Mayi wathunthu ndi masheya awo anasanduka null. Kulakwa kunali kwanga, koma amene anatsala pang'ono kutchedwa wakuba ndi mlembi. Izi zimandipwetekabe.

Ndikudziwa muti mb_substr, imene imawerenga zilembo osati ma byte, ikanathetsa zimenezo, komanso kuti kuyambira PHP 7.3 ya 2018 pali JSON_THROW_ON_ERROR yoti pulogalamu izikuwa zikalakwika. N'zoona, ndipo zonse ziwiri ndinaziika usiku womwewo. Koma njira yodutsira pa JSON ija ili ndi zina zimene imachita osakuuza. Zonse za private ndi protected imazisiya panjira, pokhapokha class yako ili ndi JsonSerializable, imene imakulola kunena wekha zoti zituluke. Tsiku limene unasunga ngati DateTime limatuluka lili ka array ka zinthu zitatu, date, timezone_type ndi timezone, kenako uziyamba kudabwa kuti chiwongoladzanja chikuwerengeka mokhota bwanji.

Ena amathawira ku cast, kuja kolemba mawu akuti array m'mabulaketi kutsogolo kwa object. Kumeneko za private zimabwera ndithu, koma key yake imakhala ndi dzina la class kutsogolo, lotchingidwa ndi ma null byte uku ndi uku. Za protected zimakhala ndi kanyenyezi. Ma byte amenewa pa sikirini saoneka. Umaliona dzina ndi maso ako, ukaliitana PHP ikuti kulibe. Choopsa china, chinthu chimene unachibisa dala, monga hash ya password, chatuluka pabwalo. Nayo get_object_vars imakupatsa zokhazo zimene ungazione pamalo pamene waiitanira, ndipo ma object ena a m'kati imawasiya momwemo osawakhudza.

Maganizo anga ndi akuti class iliyonse imene deta yake imatuluka kunja ikhale ndi toArray yake, function yosandutsa object kukhala array, yolemba ndi manja. Iwe mwini unene kuti dzina lituluke, masheya atuluke, tsiku lilembedwe motere, izi zitsale m'nyumba. Amene mumagwiritsa ntchito Laravel mumaziona kale mu Eloquent, pamene $hidden imatsekera password kuti isapite kunja.

Mnzanga wina wa ku Limbe anandiuza kuti zimenezi zimadya nthawi, kasitomala akufuna ntchito mawa ndipo magetsi sadziwika kuti akhalapo mpaka liti. Ndimamumvetsa, tonse timathamanga ndi batire la laputopu. Koma toArray ya membala wa gulu lija ndinailemba tiyi asanazizire, mizere isanu ndi umodzi basi. Polemba m'pamene ndinaona kuti nambala za foni za amayiwo zinkapita pa lipoti la gulu lonse popanda chifukwa, ndipo ndinazichotsa.

Loweruka lotsatira ndinapitanso ku Chilomoni kukapepesa pamaso pa gulu. Mlembi anawerenga maina onse mokweza, ndipo atafika pa mayi aja, iwo anayankha kuti, "Ndilipo."