Zopanira zovala pamutu pa Zanele Muholi

Zikomo alembi potikumbutsa za zithunzi zomwe a Zanele Muholi, katswiri wojambula zithunzi wa ku South Africa, amadzijambula okha, zomwe zonse pamodzi amazitcha Somnyama Ngonyama. Chomwe chimandikhudza ine ndi chithunzi chotchedwa Bester I, chojambulidwa pa chilumba cha Mayotte mu 2015. Pamutu adadzipana zopanira zovala zamtengo, zija za pachingwe, mpaka zikuoneka ngati chisoti chaufumu. Bester linali dzina la mayi awo, omwe adagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu zaka zoposa 40.

Khungu amalidetsa dala pachithunzi, maso ali tong'o, osakupepesa. Nditachiona ndidakumbukira azakhali anga omwe akuchapira anthu ku Joni. Manja awo adakhakhala ndi sopo, koma palibe adawajambulapo ali chiimire mwaulemu chotere. Ndawatumizira chithunzichi pa WhatsApp dzulo.