Maresipe Osungidwa Sakhutitsa

Anzanga, lero ndikhudze mulu wa magazini uja uli pamwamba pa kabati, ndi maresipe aja mwadzaza mu foni mukuti "ndidzayesa". Ine ndikuti ambiri mwa iwo atayidwe. Ndiyambira pa smoothie, chakumwa chija cha zipatso zoperedwa, chifukwa ndi pamene kudzinamiza kwa kusunga maresipe kumaonekera poyera.

Ukangosunga resipe imodzi ya smoothie pa Pinterest kapena pa Facebook, mawa lake akubweretsera ena khumi, iliyonse ndi dzina lake lokometsera: ya m'mawa, yotsuka m'thupi, yosalalitsa khungu. Koma tawayalani pamodzi muwawerenge mofatsa. Ndi resipe imodzi yomweyo, angosintha chipatso ndi tambula yojambuliramo. Chipatso chakupsa, chamadzi chothirapo, kanthu kozizira, n'kupera. Makina operawo, otchedwa blender, si achilendo ayi. Stephen Poplawski wa ku America adawapanga mu 1922 kuti azisakanizira zakumwa za mkaka, ndipo mpaka lero ntchito ndi yomwe ija, timipeni tizizungulira pansi pa jagi. Ndiye chatsopano n'chiti chomwe magazini ya mwezi uno ikunena, chimene ya chaka chatha sidanene?

Chomwe munthu amafunika ndi kudziwa khalidwe la zipatso, ndipo zimenezo zimakwana m'mutu. Poika mu blender yambani ndi zamadzi, kaya mkaka, yogati kapena madzi enieni, kenako zofewa, ndipo zochokera mu firiza zibwere pamwamba. Mukayamba ndi zolimba, timipeni timadzikumbira mphako n'kumazungulira pachabe, makina akulira, inu muli kalikiliki kugwedeza jagi. Nthochi zikayamba madontho akuda musazitaye. Zisendeni, ziduleni tizidutswa, muziike mu firiza. Nthochi yoteroyo imapangitsa smoothie kugwirana ndi kusalala, pomwe ayezi akasungunuka amangoisandutsa madzi. Peyala nalo limagwiranitsa bwino, kungoti silitsekemera, limafuna mnzake.

Chinanazi, papaya ndi kiwi zili ndi mphamvu yophwanya mapuloteni. Ya mu chinanazi amaitcha bromelain, ya mu papaya papain. Mukazipera ndi mkaka n'kumwa pompopompo palibe vuto. Koma tayesani kuika pambali kuti mumwe masana, mupeza yayamba kuwawa, mwinanso yalekana, zamadzi pazokha zolimba pazokha. Nthochi ndi apulo zikaperedwa zimada chifukwa cha mpweya, ndipo kufinyiramo ndimu pang'ono kumachedwetsa kudako. Chithunzi cha m'magazini sichingakuuzeni zimenezi, poti tambula ija adaijambula itangothiridwa kumene. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere zenizeni ndi shuga. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi shuga wokwana pafupifupi magalamu 14, omwe ndi masipuni aang'ono atatu ndi theka. Tsono resipe ikuti nthochi ziwiri, mango, kapu ya juwisi, n'kuwonjezapo sipuni yaikulu ya uchi, dzina akuti "ya thanzi". Munthu sungakhale pansi n'kutafuna zipatso zonsezo nthawi imodzi, nsagwada zingatope, koma zikaperedwa zimatsika pakhosi usanazindikire. A zaumoyo a ku Britain, a NHS, amalangiza kuti juwisi ndi smoothie, kuphatikiza zonse, zisapitirire mamililita 150 pa tsiku. Kameneko ndi katambula kakang'ono zedi. Ena anganene kuti akhwimitsa kwambiri, chifukwa blender sichotsa timaulusi ta chipatso monga amachitira makina ofinya juwisi, ndipo pamenepo ali ndi mfundo. Komabe uchi ndi juwisi wa m'botolo, ine sindiona chifukwa chozithirira. Chipatso chikapsa bwino chimatsekemera chokha.

Mukadziwa zimenezi, masamba onse a smoothie aja atha ntchito. Nanga tikuwasungirabe chiyani?

Ndikuona ngati timasunga chifukwa kusungako kumakoma ngati wayamba kale. Ukang'amba tsamba, kapena ukadina kachizindikiro kosungira, mtima umakhala m'malo ngati kuti keke ija yalowa kale mu uvuni. Mulu ukamakula umayamba kukuimba mlandu. Ukauyang'ana ukukumbutsidwa za munthu amene udafuna kukhala, wodzuka mbandakucha kupera masamba obiriwira ndi jinja. Koma njala ikabwera, ndani amakwera pa mpando kukatsitsa magazini ya zaka zisanu zapitazo? Umaphika chomwe manja akudziwa, kapena umafunsa pa Google, yankho n'kubwera nthawi yomweyo.

Muyeso wanga ndi uwu: resipe yophikidwapo imaoneka. Tsamba lake lili ndi dontho la mafuta, ufa udaumira m'mphepete, ndipo pena wina adafafaniza "makapu awiri" n'kulemba ndi cholembera "imodzi ndi theka". Limenelo sungani, ndi chuma. Tsamba lomwe likunyezimirabe monga lidachokera kosindikiza, chikhalirecho padutsa zaka, lakuyankhani kale. Pepala lolembedwa ndi dzanja la mayi anu kapena agogo anu silili m'mlandu uwu. Limenelo sungani ngakhale simudzaphika, chifukwa chomwe mukusunga pamenepo ndi dzanjalo.

Tsiku losankha likafika, msampha waukulu ndi kuyamba kuwerenga. Umakhala pansi ndi cholinga chotaya, dzuwa n'kulowa uli pa magazini yachitatu, ukuwerenga nkhani ya ukwati wa anthu omwe mwina adalekana kalekale. Pitani pa tsamba la zam'kati, ng'ambani limodzi kapena awiri omwe mukuwafunadi, magazini yonse ipite. Mukaiyang'anitsitsa, masamba ambiri ndi otsatsa malonda a zinthu zomwe pena sizipezekanso. Ong'ambawo alowe mu fayilo imodzi ya timatumba ta pulasitiki, yoti ikadonthedwa mkaka mungopukuta. Fayiloyo ikadzadza, tsamba latsopano lilowe pokhapo lakale litatuluka. Otsalawo apatseni ana odula zithunzi, kapena apite kwa okonzanso mapepala. Kuwasiya osanjikizana pamalo pa chinyontho n'kungoweta nkhungu ndi mphemvu.

Ndikudziwa wina akuti, "Koma ndidagula ndi ndalama zanga." Zoona, ndipo ndalamazo zidapita tsiku logulalo. Magazini ikhale pa kabati zaka khumi, sizibwerera. Winanso akuti azijambula kaye ndi foni asanataye. Pepani achimwene, pepani achemwali, kumeneko n'kusamutsa mulu basi.

Ndipotu mulu wa mu foni ndi woipa kuposa wa pa kabati, chifukwa suoneka. Wa mapepala mlendo akabwera umachita nawo manyazi. Wa mu foni umakula mwakachetechete mpaka tsiku lomwe ukufuna kujambula mwana akuchita chinthu chosangalatsa, foni n'kukuuza kuti malo atha. Ukalowamo, upeza screenshot yomwe idagwira mndandanda wa zofunika koma kaphikidwe kake kadatsala, vidiyo yomwe mwini wake adaifufuta, ndi link yomwe sikutsegukanso. Pakati pa zonsezo resipe imodzi yabwino ija, yomwe udaiphikadi n'kukoma, yamira, ndipo kuti uipeze uyenera kudutsa ma smoothie ofanana makumimakumi.

Za mu foni ndimaziweruza mosavuta. Ngati mukuifunadi, tchulani tsiku la sabata ino lomwe muiphike, ndipo zofunika zake zilowe pa mndandanda wa zogula. Ikakoma, ikopereni ndi dzanja mu kope, mulembemo ndi zomwe mwasintha. Ngati tsikulo silikupezeka, fufutani, intaneti siikutha mawa.

Ndipo inu amene mwadina kale kusunga zomwe ndalembazi kuti mudzawerenge bwino tsiku lina, ndakuonani.