Scat Pack kapena Hellcat? Ine ndili mbali ya njuchi

Okonda Hellcat mundikalipira, koma ndinenabe. Pa mitundu iwiri ya galimoto ya Dodge Challenger imene anthu amakangana tsiku ndi tsiku, R/T Scat Pack ndi SRT Hellcat, yoti munthu agule ndi ndalama yokhetsera thukuta ndi Scat Pack, makamaka ya Widebody, ya thupi ndi matayala otambalala. Kuti Hellcat ndi chilombo sindikukana. Vuto langa ndi loti mphamvu zambiri zimene mumalipira pa Hellcat sizifika pamsewu, zimangothera mu utsi wa matayala.

Zikaima pamodzi, wosazidziwa sangazisiyanitse. Thupi ndi lomwelo, zitseko ziwiri, kulemera pafupifupi matani 2, ndipo zonse zinkapangidwa pa fakitale imodzi ku Brampton, Ontario (inde, galimoto imene anthu a ku America amainyadira chonchi inkachokera ku Canada). Scat Pack ili ndi kachizindikiro ka njuchi ya matayala, kochokera ku magalimoto a Dodge a cha mu 1968. Hellcat ili ndi mutu wa mphaka wolusa m'mbali. Nkhani yeniyeni ili pansi pa boneti.

Scat Pack ili ndi injini ya HEMI V8, ya masilinda 8 ndi malita 6.4, imene eni ake amangoitchula kuti 392. Imakoka mpweya yokha popanda chothandizira, ndipo imatulutsa 485 horsepower (muyezo wa mphamvu ya injini). Ya Hellcat ndi yocheperako, malita 6.2, koma pamwamba pake anakhazikapo supercharger imene imakankhira mpweya m'masilinda mokakamiza. Itatuluka mu 2015 inali ndi 707 horsepower, mu 2019 anaikweza kufika 717. Papepala kusiyana ndi 232, mphamvu zokwanira galimoto ina yonse. Ndiye ukangowerenga manambalawo, mkangano watha, Hellcat yapambana.

Koma taganizirani izi. Hellcat ankaigulitsa ndi makiyi awiri, wofiira ndi wakuda. Wofiira amamasula mphamvu zonse. Wakuda amaimanga injini kuti isapyole 500 horsepower. Amene anaipanga, omwe akuidziwa kuposa tonsefe, anaona kuti mphamvu yoti ungampatse munthu wina n'kugona tulo ndi 500. Kodi 500 ndi 485 zatalikirana bwanji? Hellcat ya kiyi wakuda ndi Scat Pack yodula chabe.

Tsopano matayala, pamene pagona mfundo yanga yonse. Magalimoto awiriwa amakankhidwa ndi matayala akumbuyo okha. Hellcat ya thupi wamba inkabwera ndi matayala otambalala mamilimita 275. Mphamvu zonse zija, ndi kulemera konse kuja, zikudalira timalo tiwiri tofanana ndi chikhatho pamene labala wakhudza phula. Ukaponda moto mwamphamvu pa maloboti, chimene chimachitika si kuuluka ayi. Kumbuyo kumayamba kuvina, matayala akulira, kanyali ka traction control kakuphethira pa dashboard, kompyuta ikudula mphamvu zomwe unalipira zija kuti usakathere m'ngalande. Ukazimitsa kompyutayo, utsi tolotolo, fungo la labala wopsa kulowa m'kati, galimoto ili pomwepo. Ili ngati chimphona chovala patapata pamatope. Kukagwa mvula kapena chipale chofewa, monga zimakhalira ku Michigan ndi ku Ohio ku America miyezi yozizira, ndiye osanena.

Manambala a Dodge omwe amachitira umboni. Pa mpikisano wawo wa quarter mile, womwe ndi mtunda wa mamita 402, Hellcat ya 2015 inatenga masekondi 11.2 pa matayala ake wamba. Ataiveka matayala a mpikisano, omata pansi aja, inatenga 10.8. Injini sanaikhudze, anangosintha nsapato. Kenako mu 2019 anatulutsa Scat Pack 1320, injini yomweyo ya 485, koma yovala matayala a mpikisano kuchokera ku fakitale. Inatenga 11.7. Theka la sekondi basi kumbuyo kwa Hellcat, chonsecho yatsalira ndi horsepower yoposa 200. Pamsewu wamba, pomwe pali apolisi, mabasi a ana a sukulu ndi malire a liwiro, theka la sekondi limenelo mukaligwiritsa ntchito kuti?

N'chifukwa chake ndimati munthu wanzeru ayang'ane mawu oti Widebody asanayang'ane mphaka. Widebody inayamba pa Hellcat mu 2018, n'kufika pa Scat Pack mu 2019. Ankakulitsa thupi ndi masentimita pafupifupi 9 kuti mulowe matayala a mamilimita 305 mbali zonse zinayi. Pa Scat Pack Widebody ankaikaponso mabuleki a Brembo a mapisitoni 6 kutsogolo, onga a Hellcat, m'malo mwa a mapisitoni 4 amene ankabwera pa Scat Pack wamba, komanso ma shock otha kuwalimbitsa kapena kuwafewetsa uli pampando. Ndiye mwapeza miyendo ya Hellcat pa injini imene miyendoyo ingaikwanitse. Kutsogolo kwake n'kopepukirako chifukwa kulibe supercharger ndi zoziziritsira zake, choncho pokhota imamvera chiwongolero bwino. Apa mutha kuponda moto mpaka pansi potuluka pa kona, galimoto n'kupita kumene mwailozetsa. Kwa ine kukoma kwa galimoto ndi kumeneko, kuigwiritsa ntchito yonse osachita nayo mantha.

Scat Pack wamba, ya matayala a 245, nayonso ili ndi matenda omwewo a Hellcat, musaganize kuti ndikuikometsera. Matayala amenewo ndi owonda kwambiri pa injini ya 392. Dodge pamenepo anaumira.

Za ndalama sindichedwapo. Mu 2015 Hellcat inkayambira madola 59,995 pomwe Scat Pack inali pansi pa 40,000. Kusiyanako sikuthera pa tsiku logula. Scat Pack ya automatic imazimitsa masilinda 4 ikamayenda mofatsa pamsewu waukulu, imatsala ikuyendera 4 kuti isunge petulo. Hellcat ilibe zimenezo, masilinda onse 8 amamwa nthawi zonse, ndipo ukaiponda osaisiya, thanki yake ya malita 70 imauma m'mphindi pafupifupi 13. Onjezani inshuwalansi. Mu 2023 bungwe la Highway Loss Data Institute linapeza kuti mbale wake wa zitseko zinayi, Charger SRT Hellcat, ndi imene inkabedwa kwambiri ku America poyerekeza ndi kuchuluka kwake. Akuba akakonda galimoto, a inshuwalansi nawo amakweza mtengo, ndipo mwini wake amagona khutu lili panja.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimaigonjera Hellcat. Choyamba ndi kulira kwake. Supercharger ija ili ndi kamluzu kake, kamayamba pansipansi n'kumakwera limodzi ndi injini, pamwamba pa kugunda kwa V8. Ukakamva kamodzi sukaiwala, ndipo ndikumvetsa munthu amene amalipira madola 20,000 owonjezera chifukwa cha phokoso lokhalo. Ndi ndalama zake. Ngakhale ine khutu langa limakonda 392, imene imabangula mopanda zokometsera, makamaka ya manual ya magiya 6.

Chachiwiri ndi cha amene amakonda kugwiragwira injini. Ngati cholinga chanu ndi kuwonjezera mphamvu, musagule Scat Pack n'kumati mudzaikapo supercharger pambuyo pake. Injini ya 6.4 ili ndi compression (mmene pisitoni imapanikizira mpweya) ya 10.9 pa 1, ndipo mapisitoni ake sanapangidwire kukankhidwa ndi mpweya wokakamiza. Amakaniko a magalimoto amenewa amadziwa kuti ndi mapisitoni amene amayamba kusweka. Ya Hellcat anaitsitsa kufika 9.5 pa 1, n'kuikamo mapisitoni osula olimba, ndipo banja lomwelo la injini ndi limene linabala ma Challenger amphamvu kwambiri, Redeye ya 797 ndi Demon 170 ya 1,025 horsepower. Wofuna zimenezo ayambire pa Hellcat, zimutsikira mtengo kusiyana ndi kumanganso 392 itaphulika. Koma tinene zoona, pa anthu amene amagula magalimoto amenewa, ndi angati amapita ku bwalo la mpikisano? Ambiri ulendo wake ndi wa kuntchito, kusitolo, ndi kukaimika pomwe anzawo aione Loweruka.

Kwa anzanga amene mukulota zoitumiza kumudzi, kumbukirani kuti Dodge sanapangepo Challenger ya chiwongolero cha kumanja. Zonse ndi za kumanzere, pomwe ku Malawi, Zambia ndi South Africa timayenda kumanzere kwa msewu. Kupitirira lole pa M1 uli mbali ya kuthengo, osaona kutsogolo, ndi 717 horsepower pansi pa phazi, ine ayi. Ford Mustang ndiye imapezeka ya kumanja kuyambira 2015.

Fakitale ya Brampton inasiya kupanga Challenger mu December 2023, ndiye amene akuifuna lero akugula yoti wina anayendapo kale. Apa mpamene ndimaikonderanso Scat Pack, chifukwa munthu sagula Hellcat kuti aziyenda nayo ngati akupita kumaliro. Mukapita kukaiona, gwadani kumbuyo, lowetsani dzanja m'kati mwa mudguard pamwamba pa tayala. Mukamva timibulu ta labala titamatirira, takuda tokhakhala, dziwani kuti mwini wake ankawotcha matayala, ndipo giya bokosi ndi diff (chogawira mphamvu ku matayala akumbuyo) zalawa zowawa. Onani ngati matayala akumbuyo ndi atsopano pomwe akutsogolo ndi akale. Funsani ngati kompyuta ya injini anaisinthapo. Ndipo ngati mwaumirirabe pa Hellcat, wogulitsayo akupatseni makiyi onse awiri, chifukwa akakupatsani wakuda yekha mwagula 500 horsepower pa mtengo wa 717.