Madesiki a kwa asuweni anga ku Vubwi andichotsa tulo

Ndabwera dzana kuchokera ku Zambia kumene tinakamanga chiliza cha agogo, ndipo mpaka pano mtima sunakhale pansi. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine ndi wa ku Mchinji, koma mayi anga mtundu wawo uli tsidya lina, mbali ya Vubwi. Malire anangodutsa pakati pa mudzi ndi dimba. Chilankhulo chimodzi, gule mmodzi, Gawa Undi mmodzi, ndipo mwezi wa Ogasiti tonse timakakumana ku Mkaika pa Kulamba. Ndiye musandiuze zoti anthu ake ndi osiyana.

Chandipweteka ndi madesiki. Inde, madesiki basi.

Mwambo utatha, msuweni wanga anandikokera ku sukulu ya pulayimale kumene amaphunzira ana ake, ati ndikaone. Ndinkadziwa kuti akufuna kundinyogodola, paja chisuweni sichiona maliro. Titasuzumira pa windo ndinaona mizere ya madesiki, thabwa lake likadali loyera, ena atalembedwa CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu, ndi penti kumbali. Ndinafunsa kuti kodi ndi bungwe liti la azungu lawapatsa. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Asuweni, azungu a chiyani? Ndi ndalama zathu izi. Tinakakhala pansi ku komiti ya wadi, tinalemba kuti tikufuna madesiki, anakhoma ndi akalipentala a konkuno."

Ndalama zathu. Mawu amenewo ndi amene ndabwera nawo, kuposa thumba la mtedza limene anandipatsa azakhali.

Kwathu kuno thumba lomweli tili nalo, dzina lakenso ndi lomwelo, CDF. Koma ndani munamumvapo akunena kuti ndalama zathu? Timati a bwana MP atimangira mlatho. A honourable atigulira malata. Tsiku lopereka kamlatho ka matabwa amayi amamanga zitenje za chipani, nthungululu kuti lililili, a gulupu n'kuimirira kuthokoza ngati munthuyo wagulitsa ng'ombe za bambo ake. Chonsecho ndi msonkho womwe timadula tikamagula sopo ndi mayunitsi. Sukulu imene ndinaphunzira ine, imene sinditchula dzina kuopa kuchititsa manyazi aphunzitsi olimbika, ana a sitandade 4 akukhalabe pansi, atsikana akuvutika kukoka madiresi akafuna kuimirira kuti ayankhe funso. Makolo tinaumba njerwa, tinawotcha, uvuni uli apo wamera udzu, ndipo teremu iliyonse mwana amabwera ndi kakalata kofuna ndalama ya chitukuko.

Wina anena kuti a Zambia ali ndi kopa, ife tili ndi fodya. Ndikuvomera, ndipo kusiyana kwa ndalamazo ndi kochititsa manyazi. Hichilema atalowa mu 2021, bajeti yake yoyamba inakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni dera lililonse la phungu, ndipo pofika 2025 inali itadutsa K36 miliyoni. Amenewo ndi makwacha awo, aja anawadula maziro atatu mu 2013, osati athuwa. Mu 2022 ndalama imeneyo inali pafupifupi madola miliyoni imodzi ndi theka. Ife nthawi yomweyo tinkaombera m'manja K100 miliyoni, imene inali madola ongozungulira 100,000. Idakwera kufika K200 miliyoni, koma kwacha inali itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye simenti yake inali yomweyo. Koma tisabisale kumbuyo kwa kopa. Dziko la Zambia lomweli linalephera kubweza ngongole zake mu Novembala 2020, dziko lonse lapansi likuona. Anali pa mavuto a zachuma ngati ife, komabe anasankha kuti ndalama ina ichoke ku Lusaka ipite kumudzi, ina ilipirire ana osauka ku sukulu zogonera ndi zaluso, ina ibwerekedwe kwa magulu a amayi ndi achinyamata.

Tsono apa ndiimepo kaye, chifukwa msuweni wanga akawerenga izi adzatupa mutu. Kwanuko si kumwamba, asuweni. Usiku womwe tinafika magetsi kunalibe pa tauni, ndipo munandiuza nokha kuti mu 2024, damu la magetsi la Kariba litaphwa, mumatha tsiku lathunthu mukuwaona maola atatu okha, ometa ndi owotcherera akugwira ntchito pakati pa usiku ngati afiti. Ife a Nkula ndi Tedzani amatizimitsira, koma chaka chimenecho tinkakusekani. Kalasi imene munandionetsa ija madesiki alimo, koma ana atatu kapena anayi pa desiki imodzi, chifukwa chichotsereni fizi mu 2022 ana anakhamukira ku sukulu ngati ngumbi. Analemba aphunzitsi opitirira 30,000 chaka chimenecho koma sakukwanabe. Izi ife tinazilawa kale mu 1994 a Muluzi atatsegula pulayimale yaulere, ndiye pamenepo ndinu ana kwa ife. Ndipo alamu anu aja anadandaula pa moto paja kuti gulu lawo linalembetsa ngongole ya CDF kalekale koma mapepala akungozungulira ku khonsolo, pamene gulu la mkazi wa wachipani linalandira msanga. Phungu kwanuko amakhalanso mu komiti, dzanja lake limafikamo ndithu.

Komabe taonani kusiyana kwake. Alamu anuwo ankadandaula mokalipa, ngati munthu amene wabedwa chake. Ankatchula tsiku limene adzapite kukafunsa kwa khansala. Kwathu munthu akamanidwa amangoti mwina a bwana sanatikonde, tidikire chisankho. Makomiti a chitukuko tili nawo, ya m'mudzi VDC ndi ya dera ADC, mayina okoma, ndipo amakhala pansi pa mtengo n'kulemba zofuna za mudzi bwinobwino. Zikalatazo zikapita, chimene chimabwera ndi chimene phungu waona kuti chioneka msanga pamsewu. Phunguyonso ndimamumvera chisoni pena, tinamusandutsa wogula mabokosi a maliro ndi ambulansi ya mudzi, ndiye akaona thumba la chitukuko amaliona ngati pobwezera.

Chaka cha 2025 khoti kwathu kuno linagamula kuti aphungu asamayendetse nawo CDF, ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma. Mmalo moti amve, anthu amene sagwirizana pa chilichonse anagwirizana tsiku limodzi kuti asinthe malamulo a dziko kuti thumbalo lisawachoke m'manja. Za mafuta amakangana, za feteleza amatulukirana m'nyumba ya malamulo, koma apa ndiye anali pachibale. Pa kampeni a Mutharika analonjeza K5 biliyoni dera lililonse, madera 229. Ndalama imeneyo ikamafikadi yonse tikhala tawapeza a Zambia, mwinanso kuwapitirira. Ine mantha anga ndi akuti tidzangokulitsa chitenje ndi nthungululu.

Za misewu, mafuta ndi mtengo wa ufa sindinenapo zambiri, mukuzidziwa. Pa Mwami umaima malo amodzi tsopano chitsegulireni chipata chatsopano mu 2022, umadinditsa kamodzi n'kudutsa, ndipo zigubu za mafuta zimene zinkachoka kuno kupita uko pano zimachoka uko kubwera kuno.

Pobwerera wakabaza anandidutsitsa njira yachidule ya kumunda, ndipo tinatulukira kuseri kwa sukulu yathu ija. Uvuni uja ulipobe, mbuzi ziwiri zinali pamwamba pake. Lachisanu kuli msonkhano wa makolo, ndipo ndauza kale a tcheya a komiti kuti andipatse mpata. Ndikufuna ndikafunse, a khansala ali pomwepo, kuti ndalama zathu za CDF za chaka chatha zinagula chiyani m'wadi muno, ndipo anasaina ndani. A tcheya anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, mukanene kuti ndalama za boma, mawu enawo angaoneke ngati mwano."