Madiramu 7,506 pa dziwe la ku London, ndi funso la amayi anga

Dzulo foni yanga yandikumbutsa chithunzi cha mu Julaye 2018, ndipo chichokereni pamenepo mtima ukungondikankha kuti ndilembe. Pachithunzipo pali dziwe la Serpentine, lomwe lili mkati mwa Hyde Park ku London. Pakatikati pa madziwo payandama chimulu cha madiramu, ena ofiira, ena abuluu, ena amtundu wa maluwa a jakaranda. Madiramu 7,506.

Tsikulo ndinali nditaweruka m'mawa ku ntchito ya usiku. Amene munali kuno ku Mangalande chaka chimenecho mukukumbuka mmene kunatenthera. Mvula inasowa kwa milungu yambiri, kapinga wa m'mapaki anauma n'kutuwa ngati bwalo la mpira la kumudzi mu Okutobala, ndipo a zanyengo anadzanena kuti chilimwe chimenecho chinali m'gulu la zotentha kwambiri zomwe dzikoli linalembapo. M'chipinda changa simunkagoneka. Ndinangonyamula chitenje ndi botolo la madzi, ndati bola ndikagone pansi pa mtengo.

Tulo sitinabwere. Nditangotulukira m'mphepete mwa dziwelo ndinaima chilili. Chimulucho chinali chotalika mamita 20 kupita m'mwamba, mamita 40 m'litali, mamita 30 m'lifupi, mbali ziwiri zoongoka ngati khoma, mbali ziwiri zopendekeka, pamwamba pake posalala. Madiramuwo anawagoneka cham'mbali, n'kuwasanja lina pa linzake. Ukaima uku ukuona timikombero tambirimbiri ta matako a madiramu, ukazungulira uko ukuona mizere yofiira ndi yoyera. Mphepo ikangowomba pang'ono, chithunzi chake m'madzi chinkasweka, mtundu wofiira n'kumwazika pamafunde ngati wina watayiramo utoto, kenaka n'kubwereranso mwakale.

Ndipo moyo unkangopitirira pansi pake. Anthu akupalasa timabwato tija topalasa ndi miyendo, ana akunyambita ayisikilimu, atsekwe ndi abakha akudutsa osasamala n'komwe. Cha kumwera, kumalo osambirako, agogo ena aakazi ovala kachisoti kachikasu ankasambira pang'onopang'ono, akatulutsa mutu kuti apume, maso awo n'kugwera pa madiramuwo, n'kumizanso mutu. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Palibe amene anawauza kuti mwalowa m'nyumba ya zaluso, chonde musayankhule mokweza. Iwo anangobwera kudzasambira monga amachitira masiku onse.

Mwini ntchitoyi anali Christo, mkulu wa zaluso wa ku Bulgaria yemwe anabadwa mu 1935, ndipo pa nthawiyo anali ndi zaka 83. Zambiri mwa ntchito zake ankazichita ndi mkazi wake Jeanne-Claude, yemwe anamwalira mu 2009. Awiriwa anabadwa tsiku limodzi, pa 13 Juni 1935, Christo ku Gabrovo m'dziko la Bulgaria, Jeanne-Claude ku Casablanca m'dziko la Morocco. Chimulucho anachitcha The London Mastaba. Mastaba ndi mawu a Chiarabu otanthauza benchi yadothi yokhalapo panja pa nyumba, ngati chiundo cha pakhonde chomwe timakhalapo madzulo, ndipo ndi dzinanso la manda akale a ku Egypt oumbidwa motero. Anachitsegulira pa 18 Juni, n'kuchitseka pa 23 Seputembala. Pansi pake panali thandala loyandama la timabokosi tapulasitiki tolumikizana, lomangidwa ndi anangula kuti mphepo isalikokere kugombe.

Christo sanayambe dzulo kusewera ndi madiramu. Mu 1962, khoma la Berlin, lomwe linagawa mzindawo pawiri kuti anthu asamawoloke, litangomangidwa chaka chimodzi, iye ndi Jeanne-Claude anatseka kamsewu kopapatiza ka Rue Visconti ku Paris ndi khoma la madiramu a mafuta kwa maola angapo. Munthu amene anathawa kwawo, n'kuwoloka malire mobisala, ankadziwa bwino tanthauzo la khoma. Komabe akafunsidwa za ntchito zake zikuluzikulu ankakana kuti zili ndi uthenga. Ankati n'zongoti munthu aone, asangalale, basi.

Apa ndi pamene nkhani yanga yagona. Ndili chikhalire pachitenje changa, ndinaimbira amayi pa WhatsApp kuti nawonso aone. Netiweki inali yovuta, chithunzi chikuima n'kuyambanso. Ndinatembenuza kamera, ndati, "Amayi, taonani zomwe zili kuno."

Anakhala chete. Kenaka ndinamva, "Iii, mwana wanga, amenewotu ndi madiramu?"

"Ee amayi, madiramu okhaokha."

"Onsewo? Muli madzi?"

"Ayi, mulibe kanthu. N'zaluso chabe."

"Madiramu opanda kanthu, pamwamba pa madzi." Anabwereza mawuwo kawiri, motsitsa, ngati akuwalawa. Sanaseke, ndiponso sanakwiye.

Abale anga, amene munakulira kumene ndinakulira ine mukudziwa kuti diramu ndi chiyani. Kwathu linkakhala kuseri kwa khitchini, pa njerwa zitatu kuti lisachite dzimbiri kunsi, pakamwa pake titavundikira ndi lata, pamwamba pa latalo mwala. Mpopi ukauma, moyo wonse wa pakhomo unkazungulira diramu limenelo. Amayi ankaliyeza ndi maso m'mawa uliwonse. Likafika pa mzere woyamba, kuchapa kwaima. Likafika pa wachiwiri, kusamba ndi theka la ndowa. Ndikukumbuka kuzizira kwa chitsulo pamimba ndikamawerama kuti ndifikire madzi otsala pansi ndi kapu, miyendo ili m'malere, mawu anga akumveka ngati ndili m'phanga. Diramu limodzi lotere limalowa malita pafupifupi 200. Kuti lidzaze, ndiye kuti achemwali anga ndi ine tapita kumjigo maulendo khumi ndi chigubu cha malita 20, nkhata ili pamutu, khosi likulira.

Ndinachita masamu pomwepo pafoni. Madiramu 7,506 akanakhala odzaza, akanasunga malita oposa 1.5 miliyoni. Maulendo a kumjigo oposa 75,000. Ndinayang'ananso chimulucho, ndinayang'ana dziwelo, madzi ochuluka chonchi omwe ntchito yake ndi kungosangalatsa anthu, omwe mfumukazi Caroline analamula kuti atchingidwe mu 1730 kuti paki ikongole, ndipo misozi inalengeza m'maso. Zaka zonsezo ndinkadutsa pa Serpentine osawaona madziwo. Tsiku limenelo ndinawaona.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo ndimawagwira mwamphamvu. Zaluso zokhudza madzi ndi chilengedwe malo ake ndi panja, pamadzi penipeni, pamene anthu wamba amapita kukapuma, popanda tikiti kapena mlonda pakhomo. Chimulu chija chikanakhala m'chipinda chozizira cha nyumba ya zaluso, ine sindikanachiona, chifukwa munthu woweruka ku ntchito ya usiku salota zopita ku malo otero. Amayi sakanachiona. Agogo osambira aja mwina akanachiona, koma ali ouma, atavala nsapato. Panja chinatipeza tonse monga tinalili, ndipo aliyense anabwera ndi nkhani yake ya madzi. Mzungu wina amene ndinacheza naye pa benchi anati iye akuona mafuta, akuona zitsime za petulo ndi utsi womwe ukutenthetsa dziko, makamaka poona kapinga wopserera uja. Ine ndinaona ludzu. Christo sanatiuze choti tione, n'chifukwa chake tonse tinakwanamo.

Ndikudziwa zomwe ena mukuganiza, chifukwa amalume anandiuza kale osapsatira nditawatumizira chithunzicho: "Ndalama zonsezo kungoyandamitsa madiramu? Bwenzi atakumba mijigo." Funsoli sindilipeputsa. Ntchitoyo inadya ndalama zambiri ndithu. Koma tizinena zoona zake: sizinali ndalama za msonkho, ndiponso sizinali za kampani yofuna kutsatsa malonda. Christo ankakana thandizo lotero moyo wake wonse. Ankagulitsa zojambula zake za pokonzekera ntchito, ndalamazo n'kulipirira zonse, kuti pasakhale womulamula. Komanso mbali ina ya mgwirizano wake ndi oyang'anira pakiyo inali yokonza dziwelo: kuchotsa zinyalala m'madzi, kuthana ndi ndere zomwe zimafalikira kukatentha, kukonza malo okhala mbalame ndi mileme. Mjigo ndi wofunika, palibe angatsutse. Koma dziko lino silisowa mijigo chifukwa choti wina wajambula chithunzi kapena wasanja madiramu. Limasowa chifukwa amene ali ndi madzi ochuluka anasiya kalekale kuwaona.

Pali ntchito ina yomwe ndinaiona chaka chomwecho, ndipo imandithandiza kufotokoza zimene ndikutanthauza. Mu Disembala 2018, katswiri wa zaluso Olafur Eliasson pamodzi ndi katswiri wa za miyala ndi nthaka Minik Rosing anabweretsa ku London zibenthu 30 zikuluzikulu za madzi oundana, zomwe anazivuula m'nyanja pafupi ndi Nuuk ku Greenland zitathothoka kale ku chimwala cha ayezi cha dzikolo. Zokwana 24 anaziika panja pa nyumba ya zaluso ya Tate Modern, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, zina 6 mkati mwa mzinda. Anaitcha Ice Watch, ndipo anali atachitapo kale ku Copenhagen mu 2014 ndi ku Paris mu 2015 pa nthawi ya msonkhano waukulu wa za kusintha kwa nyengo. Iyi uthenga wake unali poyera: onani, zikusungunuka.

Ndinapita usiku, kukuzizira. Ndinavula golovesi n'kugwira chibenthu china. Chinali choterera, chikudontha, madzi akuyenda pansi n'kunyowetsa nsapato. Mwana wina anagunditsa khutu lake pa ayeziyo n'kukuwa kuitana bambo ake, ndiye nanenso ndinatero. Munkamveka timaphokoso ting'onoting'ono, thethethe, ngati chimanga chikuyamba kuphulika m'chiwaya. Unali mpweya womwe unatsekeredwa m'menemo zaka zikwi zambiri zapitazo, ukutuluka. Chimenecho sindidzachiiwala. Nkhani za kusintha kwa nyengo ndinali nditazimva kambirimbiri pa wailesi, koma dzanja langa linali lisanazikhudzepo.

Komabe ndikaziika pa sikelo, madiramu aja ndi omwe anandilowa kwambiri. Ayezi uja anandiuza zoti ndimve, ndinamva, ndinabwerera kunyumba ndili ndi chisoni chomwe anandikonzera. Ndipo panjira mtima unkandifunsa za mafuta omwe anapsa ponyamula zibenthuzo m'makontena oziziritsa kuchokera ku Greenland. Eni ake anawerengetsa utsiwo n'kuulengeza poyera, ndipo pa zimenezo ndimawapatsa ulemu. Madiramu aja sanandikonzere chisoni chilichonse. Anangokhala phee pamadzi, padzuwa, anthu akuseka m'mabwato, ndipo chisoni changa ndinachita kubwera nacho ndekha kuchokera kuseri kwa khitchini ya amayi.

Sindikunena kuti ntchito zotere zilibe chilema. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 2016, Christo yemweyo anayala njira yoyandama ya makilomita atatu, yokutidwa ndi nsalu yachikasu, pa nyanja ya Iseo ku Italy, kuti anthu ayende pamwamba pa madzi kuchokera ku Sulzano kukafika ku chilumba cha Monte Isola. M'masiku 16 okha kunafika anthu oposa miliyoni imodzi. Timidzi ting'onoting'ono ta m'mphepete mwa nyanjayo tinadzaza mpaka sitima zinkalephera kunyamula anthu. Chinthu chokongola chikaitana khamu lotero, madzi omwewo ndi omwe amasenza katunduyo. Ndiponso madiramu a ku London anali atsopano, opangidwira ntchitoyo. Mtima wanga ukanakondwa koposa akanakhala madiramu akale, opindika, amene anagwirapo ntchito, ngati amene anatseka nawo msewu ku Paris kuja.

Ngakhale zili choncho, mukandifunsa ngati ntchitoyo inayenera kuchitika, ndiyankha kuti ee, mosazengereza. Nthawi yopuma si nthawi yopanda pake. Munthu akavula nsapato, n'kukhala pansi pafupi ndi madzi, mtima wake umatseguka kuposa pamene ali m'kalasi kapena pamsonkhano. Alusowa akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake amatitsatira kugombe, kupaki, kumtsinje, m'miyezi yotentha pamene tonse timathamangira madzi. Ndipo chomwe ndimakonda kwambiri n'choti samakhalitsa. Christo ankachotsa chilichonse ikatha nthawi yake, malowo n'kuwabweza mmene analili. Chinthu chimene ukudziwa kuti chichoka umachiyang'ana ndi maso onse awiri.

Christo anamwalira pa 31 Meyi 2020 ku New York. Mastaba yaikulu yomwe ankailota kuyambira 1977, ya madiramu 410,000 m'chipululu cha Abu Dhabi, anamwalira asanaimange.

Ine ndinabwererako ku Serpentine masamba atayamba kuyoyoka. Madiramu anali atachoka. Ndinakhala pa benchi yomwe ija, ndikuyang'ana malo opanda kanthu pakati pa dziwe, ndipo ndinaona zinthu zomwe kale sindinkaziona: mzere wakuda pakhoma la m'mphepete wosonyeza pomwe madzi amafika, botolo la pulasitiki litakodwa m'mabango, kambalame kakuda ka mphumi yoyera kakumira n'kutumphuka patali. Madzulo ake ndinaimbiranso amayi. Titatha kulonjerana ndi kufunsana za onse pakhomo, iwo ndi amene anayambitsa.

"Nanga madiramu ako aja?"

"Anawaphwasula, amayi. Zitsulo zake zapita kokazikonzanso."

"Ooo." Anapumira m'mwamba. "Lathu lija layamba kudontha kunsi. Ndamata ndi phula, koma sindikudziwa ngati lifike Novembala."